Mwana Wofulatira Mayi Ake

Pa siteji ya basi ku Queen Street, kudziko lakunja, kuzizira kukuluma makutu, Agnes anaona mayi wachikulire atamanga chitenje pamwamba pa chijasi. Mtima sunamulole kukhala chete.

"Mwatchenatu, amayi. Kunali ukwati?"

"Ayi, konsati. Mwana wanga Lindiwe lero wayamba kutsogolera okesitira, gulu lija la mavayolini ndi malipenga."

"Mtsikana?"

"Mtsikana, mwanawe! Azibambo a imvi mbuu, iye akangokweza kandodo, onse zii. Ine ndinkalimbikira zoti akhale nesi, mpaka tinasiya kuyankhulana."

"Ndiye lero mwasangalala."

"Poyamba ndinapsa mtima. Ine ndakhala pakati pa anthu, mwana n'kundifulatira konsati yonse! Ndinamulera choncho ine?"

"Ndi mmene imagwiridwira ntchitoyo, amayi."

"Ndani anandiuza? Koma nyimbo zitatha anatembenuka. Sanawerame ngati anzake aja. Anandifunafuna ndi maso, atandipeza anapinda mawondo, n'kuwomba m'manja mwaulemu ngati tili kwathu ku Dedza."

"Inu munatani?"

"Nthungululu, mwanawe! Holo yonse inacheuka. Pamenepo panalibenso wondifulatira."