Amayi Lillian Katongo ndi pulogalamu imene sanafune kuisiya yokha

Malemu athu, amayi Lillian Nsama Katongo, anabadwa pa 9 Ogasiti 1986 konkuno ku Kalingalinga. Anali achitatu mwa ana asanu a malemu bambo Kalumba Katongo, mmisiri wa matabwa amene ambiri a inu mukugonerabe pamabedi awo, ndi amayi Sophia, amene akhala patsogolopa. Ine wowerenga mbiriyi ndine Petros, mlongo wawo wamkulu.

Sukulu anaiyamba mu 1993 pa pulaimale ya Kalingalinga, ndipo Giredi 12 anakamalizira ku Kabulonga mu 2004. Aphunzitsi ankawadandaula pa chinthu chimodzi: sankakhazikika pampando. Akamaliza masamu awo ankanyamuka n'kumasuzumira m'makope a anzawo, kuwalozera pamene alakwitsa, eniake osapempha. Mu 2006 analowa ku yunivesite ya UNZA kukaphunzira za makompyuta. Ankapita wapansi kuchokera kunyumba, ndipo anamaliza mu 2010.

Ntchito yoyamba anaipeza ku banki ina m'tauni, koma sanakhalitseko. Anapita ku Kitwe, nakonso anabwerako chaka chisanathe, akuti ntchito yake inali yongodikira bwana asayine. Pa 8 Disembala 2012 anamanga banja ndi bambo Isaiah Lombe, owotcherera zitsulo kuno kwathu. Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Luse mu 2013 ndi Kumbu mu 2017.

Mu 2015 malemu ndi mnzawo wa ku yunivesite, bambo Pumulo a ku Matero, anayambitsa pulogalamu imene anaitcha Nsanamira. Ndifotokoze monga iwo anandifotokozera ine. Munthu akalemba pulogalamu yake, Nsanamira imatenga zolembazo n'kuzimanga kuti zigwire ntchito pa makompyuta a mitundu yosiyanasiyana ndi pa foni, osachita kulembanso kachiwiri. Aliyense anali ndi ufulu woigwiritsa ntchito. Koma Nsanamira imadalira zidutswa zambirimbiri zolembedwa ndi anthu ena a m'mayiko ena, ndipo chidutswa chimodzi chikasintha, zonse zikhoza kuima. Bambo Pumulo ankawonjezera zatsopano. Malemu ankalondera zidutswazo, kuyesa chilichonse chikasinthidwa, ndi kulemba malangizo oti mlendo awerenge n'kudziwa poyambira. Ntchito imeneyi siitha, ndipo siionekera. Ife achibale tinkangoona munthu woti pa ukwati, pa chilanga mulilo, mwambo uja wopititsa zakudya kwa mkwati, ngakhale pa khomo la tchalitchi, maso ali pa foni.

Mu 2021 awiriwa anasemphana. Bambo Pumulo analowetsa chidutswa china chimene malemu sanachikhulupirire, poti chinalibe malangizo. Malemu anachichotsa osawauza. Mawu anakula, ena analembedwa poyera pa intaneti, ndipo bambo Pumulo anachoka. Sitinasonkhane pano kuti tiweruze mlanduwo. Chimene tikudziwa n'chakuti kuyambira pamenepo malemu anatsala okha ndi makiyi onse a pulogalamuyo, ndiye kuti mawu achinsinsi ololeza munthu kusintha ndi kutulutsa Nsanamira yatsopano.

Chaka cha 2024 tonse tikuchikumbukira: chilala, ndi magetsi ongobwera ngati mlendo. M'chaka chomwecho munthu wina wa kutsidya kwa nyanja anasiya kusamalira chidutswa chachikulu chimene Nsanamira inkatsamira, ndipo pa makompyuta ambiri pulogalamuyo inaleka kumanga. Mwa amene ntchito yawo inaima panali kagulu ka anthu opanga pulogalamu yowerengera mankhwala m'zipatala zazing'ono za kumidzi. Ankawaimbira malemu tsiku ndi tsiku. Malemu anayamba kuthamangitsa magetsi ndi laputopu kumsana. Akamva kuti ku Mtendere ayaka, uyo pa basi. Akazima kumeneko, uyo kwa achemwali awo ku Lilanda. Tsiku lina anakanyamula jenereta ya ku shopo ya amuna awo pa wilibala, geti ya kasitomala ili pakati kuwotcheredwa. Bambo Lombe andiloleza kunena kuti m'nyumba munalibe mtendere sabata imeneyo. Andilolezanso kunena kuti pambuyo pake iwo eni ndiwo ankaibweretsa jeneretayo masana aliwonse.

Mu Okutobala chaka chomwecho Nsanamira inayambanso kugwira ntchito. Apo n'kuti miyendo ya malemu itayamba kale kutupa, mutu ukuwawa osaleka. Amayi athu ankawakakamiza kupita kuchipatala, iwo n'kumati apita akangomaliza kachinthu kamodzi. Anapita mu Januwale 2025, ndipo madokotala a ku chipatala chachikulu cha UTH anapeza kuti impso zawonongeka kwambiri chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Anayamba kumaikidwa pa makina otsuka magazi.

Ali pa makinapo mtima wawo sunali m'malo. Anazindikira kuti analemba malangizo ochuluka a anthu ogwiritsa ntchito Nsanamira, koma a munthu wodzaisamalira sanalembe. Chidutswa chiti n'chosadalirika, chiti sichikhudzidwa wamba, chifukwa chiyani china anachisiya chakale, zonsezo zinali m'mutu mwawo. Anayamba kulemba ndi dzanja limodzi, linalo lili ndi machubu. Manesi ankawalanda laputopu, iwo n'kupitiriza pa foni. Koma maso anayamba kuchita chidima, ndipo anaona okha kuti samaliza.

Mu Meyi anapempha bambo Lombe kuti awaperekeze ku Matero. Anafika pa khomo la bambo Pumulo atatsamira amuna awo, nakana kukhala pansi. Mawu amene ananena, monga bambo Lombe anawamvera, ndi awa: "Ba Pumulo, sininabwere kupepesa vonse, chifukwa vinangu nenze na zoona. Koma nenze kufunika kukuuzani poyamba. Makiyi yali na ine neka, ndipo nidwala. Bwerani."

Bambo Pumulo sanavomere tsiku limenelo. Malemu anabwerera kunyumba, ndipo masiku otsatirawo foni ikangolira ankadzidzimuka. Chakudya sichinkalowa. Ife tinayamba kuwauza kuti aisiye nkhaniyo, aganizire ana. Anatiyankha kuti anawo akuwaganizira, koma kumidzi kumene akudikira mankhwala kulinso ana.

Mu Juni bambo Pumulo anatulukira kuchipatala ndi laputopu yawo. Kuyambira pamenepo malemu ankanena, bambo Pumulo n'kumalemba. Musaganize kuti kukangana kunatha. Odwala anzawo a m'chipindamo ankaseka pomva anthu awiri akulimbana pa chiganizo chimodzi, wina akuti n'chomveka, wina akuti mlendo sangachimve. Mu Seputembala malemu anapereka makiyi kwa bambo Pumulo ndi kwa anthu ena awiri a m'mayiko ena, kuti asadzakhalenso m'manja mwa munthu mmodzi. Mutu umodzi wa malangizowo unatsala wosamaliza.

Matenda anakula kumayambiriro kwa Okutobala, ndipo Lachiwiri pa 14 Okutobala 2025 amayi Lillian Nsama Katongo anatisiya ali ndi zaka 39.

Asiya amuna awo, bambo Isaiah Lombe. Ana awo, Luse ndi Kumbu. Amayi awo owabereka, amayi Sophia. Ndi ife abale awo anayi.

M'malo mwa mabanja a Katongo ndi Lombe, ndikuthokoza madokotala ndi manesi a ku UTH, amene anapirira wodwala wosamva kuuzidwa kuti agone. Ndikuthokoza abusa ndi amayi a mumpingo, amene mwakhala nafe kuyambira tsiku loyamba. Amisiri anzawo a malemu bambo athu, amene mwakhoma bokosili ndi manja anu. Ndi anthu a m'mayiko akutali amene mwatitumizira mauthenga achipepeso, ngakhale nkhope ya mlongo wathu simunaionepo. Ndikuthokozanso bambo Pumulo chifukwa anabwera.

Mabasi opita ku manda a Leopards Hill akudikira panja. Chauta amene anatipatsa amayi Lillian awalandire, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.