Nkhuni za pa Maliro a Mayi Muhiwa

Amayi ndinawaona komaliza ali moyo Lachitatu masana, ali gone pa bedi ku chipatala cha Gulupu. Anandigwira dzanja nkunena kuti, "Lonjezo, upite ukaone ngati Mwiza adakaimirira." Mayi wina amene amadikirira wodwala pa bedi loyandikana anandifunsa ngati Mwizayo ndi mlongo wanga. Ndinangoti ayi. A mpingo uno mukudziwa kuti amayi amanena mtengo. Alendo ndikufotokozerani, chifukwa mbiri yawo singamveke popanda mtengowo.

Abusa, akulu a mpingo, amfumu, achibale ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza, ine ndine Lonjezo Muhiwa, mzime wa malemu. Mbiriyi amayenera kuwerenga ndi amalume, a Gabriel, koma mawu awathera, ndiye andituma ine. Pamene ndilankhule mopyola msinkhu wanga mundikhululukire.

Malemu mayi Petronela Muhiwa anabadwa pa 3 Sepitembala 1963 ku Mulanje. Makolo awo anachokera ku Milanje, m'dziko la Mozambiki, kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi. Sukulu anaphunzira mpaka Sitandade 7. Anasiyira pomwepo mayi awo atamwalira, kuti alere ang'ono awo. M'chaka cha 1981 anabwera kuno ku Ndirande nkuyamba ntchito ku fakitale ya nsalu.

Pa 18 Ogasiti 1984 anamanga ukwati woyera ndi bambo Willard Muhiwa, kalipentala amene anali ndi shedi ku Chirimba. Mulungu anawapatsa ana anayi. Tikukula tinkamva amayi akuwaseka abambo kuti, "Inu a Muhiwa mumangodya mitengo, wobweza ndani?" Abambo ankayankha akupala thabwa, "Bwezani inuyo, paja ndinu a mpingo." Sankadziwa kuti amayi adzachitadi.

Fakitale itachepetsa antchito mu 2003, amayi anayamba geni ya tomato mumsika wa Ndirande. Chaka chotsatira mvula inakumba chigwembe kuseri kwa tchalitchi chathu, chimene chimatsetserekera ku mtsinje wa Nasolo. Madzi anagwetsa chimbudzi cha mpingo nkulowa m'nyumba za kumunsi. Lamulungu lina amayi anaimirira pa nthawi ya zolengeza nkupempha kuti mwana aliyense wobatizidwa azidzaliridwa mtengo m'mphepete mwa chigwembecho. Ena anaseka. Abusa a nthawi imeneyo anavomera.

Mbande ankafesa okha m'majumbo a shuga amene ankatola mumsika: mbawa, mthethe, katope, mtangatanga. Dzina la mwana ankalikhoma ndi msomali pa kachidutswa ka chitini, nkukamangirira ku mtengo ndi waya. Chaka chilichonse ankayendera mitengo yonse kumasula waya kuti asalowe m'khungwa. Mwana akachita mwano ku Sande Sukulu sankamukwapula. Ankangoti, "Iwe, ndikakunenera kwa mtengo wako." Ena mwakhala pano ndi ndevu, koma mawuwo mukuwakumbuka.

Mwiza anali mwana wa mayi Cecilia Gondwe, aphunzitsi, aneba athu. Anabatizidwa mu 2006 ndipo amayi anamudzalira mbawa. Mu 2010 anamwalira ndi malungo, nkukaikidwa kwawo ku Rumphi. Rumphi ndi kutali. Mayi Gondwe akafuna kulira mwana wawo ankapita kukakhala pansi pa mbawa ija, ndipo amayi ankakhala nawo pomwepo. Ndiye chifukwa chake pa mitengo yonseyo, umenewo ankautchula ngati munthu.

Mu Malichi 2023, namondwe atavuta mu Blantyre muno, chigwembe chinadzaza mpaka m'milomo koma magombe ake sanagumuke. Nyumba za kumunsi zinatsala chiimire. Apa ndi pamene mpingo unazindikira kuti uli ndi chonyadira. Munakhazikitsa Sabata la Chilengedwe. Munasoketsa malaya obiriwira, munapachika chinsalu pa geti, munaitana alendo, munalalikira kuti munthu anaikidwa kukhala mdindo wa dziko. Zithunzi munajambulitsa patsogolo pa mitengo ya amayi. Pa zithunzizo amayi ali kumapeto kwenikweni, theka la nkhope, atanyamula chitini chothirira. Iwo sanadandaule. Amene ndinadandaula ndine.

Mu Ogasiti chaka chomwecho abambo anatisiya. Ine ndinasiyira koleji panjira nkubwerera kunyumba, mutu wosagwira. Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Amayi anangondiyang'ana nkunena kuti, "Mabuku adikira, mbande sizidikira. Tenga ndowa." Ndi mmene anandidzutsira.

Matenda anawayamba mu 2024. Poyamba inali shuga, kenako impso. Miyendo inatupa, geni anasiya, koma ku chigwembe ankapitabe ndi ndodo.

Kumayambiriro kwa chaka chino komiti ya chitukuko inagwirizana zomanga mpanda wa njerwa ndi malo oimikapo magalimoto. Kunamveka kuti nkhuni zootchera njerwa zichokera kuseri kwa tchalitchi. Amayi anapita ku msonkhano, ine nditawagwira mkono. Apampando a komiti, dzina sinditchula poti akudzidziwa, anati, "Mayi Muhiwa, musatichedwetse. Mtengo sulowa kumwamba." Amayi anawafunsa, "Nanga mpanda wanuwo ulowa?" Tchalitchi chonse chinaseka. Tsiku limenelo komiti inalonjeza pamaso pa mpingo kuti idzamangira mabuloko a simenti, ndipo palibe mtengo umene udzakhudzidwe. Amayi anabwerera kunyumba akuimba.

Anagonekedwa m'chipatala pa 16 Juni. Sabata yomweyo makina ocheka analira kuseri kwa tchalitchi. Mbawa zinachekedwa matabwa, nthambi zinapita ku uvuni wa njerwa. Palibe kholo limene linafunsidwa. Palibe mwana amene anauzidwa kuti, "Mtengo wako tikuudula." Munadikira kuti munthu agone pa bedi la chipatala, madiripi ali m'mikono, ndiye mulimbe mtima. Mphekesera inawapeza amayi konko kudzera mwa odzazonda, ndipo ndi chifukwa chake anandituma Lachitatu lija.

Ndinapita. Pamene panali Mwiza ndinapeza chitsa ndi utuchi wofiira. Ndinaganiza kuti ndikawauza mmawa mwake, nditapeza mawu ofewa. Lachinayi pa 10 Julaye, ndili m'minibasi kupita ku Gulupu, achemwali anga a Constance anandiimbira kuti amayi atisiya. Madokotala atiuza kuti ndi impso, ndipo ife tavomereza. Sindikunena kuti pali amene wawapha. Ndikungonena zimene zinachitika iwo ali moyo.

Tsopano ndifotokoze chifukwa chake chakudya chachedwa, poti ndikudziwa kuti ena mwayamba kunong'onezana. Dzulo mpingo unatitumizira nkhuni za pamaliro, monga uchitira kwa mkhristu aliyense. Tinalandira ndi manja awiri. Zinali zaziwisi, ndipo utsi umene wakhala ukukuwawani m'maso ndi umenewo. Lero mmawa mayi Gondwe, amene akuphika ndi amayi anzawo kuseriku, anakoka chikuni kuti asonkhezere moto. Chinawakola ndi waya. Ku wayako kunali kachitini, kakuda ndi mwaye, koma zilembo zikuwerengeka. Linali dzina la mwana wawo.

Mayi Gondwe sanakuwe. Anatenga ndowa ya madzi nkuzimitsa moto wonse. Amalume atamva anati achita bwino, ndipo banja lonse tikuti achita bwino. Amayi athu sitiwaperekeza ndi moto wa mitengo ya ana amene iwo anawadzalira. Panopa akuphikira makala a utuchi ndi mapepala, amene malemu anaphunzitsa amayi a mpingo kuumba. Amachedwa kuyaka, ndiye mupirire. Nkhunizo taziunjika pa geti. Makolo, potuluka mukayang'ane. Zitini zina zidakali pomwepo.

Abusa, ndikudziwa kuti pamaliro sipozengera milandu, ndipo ine ndine mwana. Koma ndinamva ndi makutu anga mpingo ukulonjeza, ndipo lonjezo lochitikira m'nyumba ya Mulungu sindinadziwe kuti limatha munthu akadwala. Mwativutitsa ndi funso limodzi: amene anakweza nkhunizo pa galimoto kuti zibwere kuno, sanaone waya? Kapena anaona, nkuti palibe kanthu? Malaya obiriwira aja ena mwavala lero pofuna kulemekeza malemu. Zikomo. Koma nsalu siigwira nthaka.

Malemu asiya ana anayi: a Constance, a Ramsey, a Doreen ndi ine. Asiya zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi mlongo wawo mmodzi, a Gabriel. Asiyanso ana a ubatizo amene sindingathe kuwawerenga, ena ali ku Joni, ena ali pano atanyamula ana awo.

Tikuthokoza anamwino ndi madokotala amene anayesetsa mpaka mapeto. Tikuthokoza a Fadili, aneba athu a Chisilamu, amene ankasiya okwera pa siteji kuti awatengere amayi kuchipatala pa minibasi yawo. Tikuthokoza anzawo a tomato a mumsika, amene ankawabweretsera phala ku wodi. Tikuthokoza a kwaya, adzukulu okumba manda, ndi amayi onse amene ali ku moto. Mayi Gondwe, inu sitikudziwa kuti tikuthokozeni kapena tikupepeseni. Kwa a komiti ya chitukuko, banja lilibe mawu lero.

Amayi, munatopa. Kapumeni kumene kulibe wodula. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye amene munawatumikira ndi manja amatope.

Ndatsala ndi chimodzi, kenako ndikhale pansi. Kumunsi kwa chigwembe mitengo idakalipo, ndipo ndi imene yagwira gombe la pamwamba pa nyumba za anzathu. Njerwa za uvuni wachiwiri zaumbidwa kale, zikungodikira nkhuni. Mvula ikubwera, sikafunsa kuti mpanda watha kapena ayi. Banja silikupempha nkhata za pulasitiki pa manda. Tikupempha kuti aliyense amene anabatizidwa mu mpingo uno kuyambira 2004, kapena kholo lake, apite akapeze dzina lake, akaime pamenepo ndi msana wake ku mtengo. Ine ndikaima pa wa aliyense amene ali kutali. Ocheka auzidwa kale tsiku lobwereranso.

Ndi Lolemba likubwerali, pa 14 Julaye 2025, ndipo akatipeze titaima pamenepo.