Likhweru Limene Ndinkaitanira Mkazi Wanga

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Sinditalikitsa, masiku ano kulankhula kumanditopetsa.

Ambiri mukundidziwa. Ndine uja wa boti lobiriwira padoko la Kachulu, uja munkachenjezana kuti musamuyambe. Sukulu ndinafika nayo Fomu 2, setifiketi ili m'sutikesi, koma mtima sunaphunzire kanthu. Munthu akandilakwira pang'ono, dzanja linkayankha pakamwa pasanatseguke.

Mkazi wanga Rozina, uyo wakhala kumbuyoyo, anachokera kutsidya, ku Mozambiki, nthawi ya nkhondo. Anaoloka nyanja pa bwato ali ndi nsalu imodzi. Ndinamupeza akuyanika matemba a eni ake padoko. Ndinamukwatira osamufunsa kanthu. Ndinkati nkhondo ndi ya amuna, mkazi angakhale ndi nkhani yanji?

Mukudziwa mmene timachitira padoko. Boti likamakocheza, umaimba likhweru kuti a kumtunda abwere ndi mabeseni. Ine likhwerulo ndinapita nalo kunyumba. Ndikaimba kamodzi, Rozina ankasiya chilichonse. Ngakhale ndowa ili pamutu, ankaitula n'kuthamanga, kufika n'kugwada, maso pansi. Ndinkanyada nazo, abale. Pa bawo ndinkauza anzanga kuti, "Taonani," n'kuimba. Che Amidu, wogula nsomba wa ku Songani, anandifunsa tsiku lina, "Achimwene, ameneyu ndi mkazi kapena galu wosakira?" Ndinati ndi nsanje. Zaka zisanu ndikuchita zimenezo. Zaka zisanu.

Kenako nyanja inauma. Nonse munaona. Boti langa linakhala pamatope ngati chitsa, nsomba kulibe, ine n'kumangokhala pakachasu. Ukali unakula. Ndinkamumenya, sindibisa. Ndiwo zikachepa, ndinkamumenya. Akakhala chete, ndinkamumenya chifukwa chokhala chete.

Tsiku lina masana ndinabwera kunyumba, ndinaimba likhweru. Zii. Ndinaimbanso. Zii. Mayi wina woyandikana nafe anangoloza kunyanja. Ndinathyola ndodo n'kutsatira.

Ndinamupeza kutali, pakati pa matope ong'ambika aja, akulunjika kummawa. Dzuwa lili pamutu, iye alibe nsapato, alibe madzi.

Ndinakuwa, "Mukupita kuti inu?"

"Kwathu."

"Kwanu kuli ndani? Si munati anatha onse?"

"Kulibe munthu," anatero. "Koma kumeneko nkhondo inatha. Kuno sinathe."

Sanagwade. Kanali koyamba kundiyang'ana m'maso. Anandiuza ali chiimire. Asilikali a m'tchire anatentha mudzi wawo, n'kutenga akazi, iyenso momwemo. Anawasunga madzinja awiri. Ankawasenzetsa katundu mpaka khosi kutupa. Akafika pogona, mkulu wawo ankaloza mkazi mmodzi n'kuimba likhweru. Wolozedwayo ankayenera kuthamanga, kukagwada pamapazi pake. Zotsatira simukufuna kuti ndizinene m'nyumba ya Mulungu.

"Mnzanga Lusiya anachedwa, ankayamwitsa mwana," anatero Rozina. "Sitinamuonenso. Ndiye inu mukaimba, sindine ndimabwera ayi. Miyendo imathamanga yokha. Lero yathamanganso, koma ndaiuza kuti ilowere kwina."

Mukuganiza kuti ndinalira? Ayi. Ndinapsa mtima, poti ndi zomwe ndinkadziwa. Ndinati, "Nanga bwanji simunandiuze zaka zonsezi?"

Iye anati, "Munafunsa?"

Ndinayang'ana ndodo m'dzanja langa. Abale, pamenepo Mulungu sanandionetse mngelo. Anandionetsa ine mwini. Msilikali uja analipo pamatope paja, atavala malaya anga. Chimene ndinkachitcha ulemu, chimene ndinkaonetsa amuna pa bawo, anali mantha a munthu wothawa imfa. Ndinagwada. Matope ankaotcha. Ndinati, "Ambuye, ndine chilombo." Pemphero lina linandisowa.

Rozina sanandidzutse. Anati, "Ndibwerera, koma osati kunyumba kwanu." Anakakhala kwa amayi a mpingo uno miyezi itatu. Amayi inu, mukudzidziwa amene munamusunga, Mulungu akudalitseni. Ndinkapita kukapepesa, nthawi zina ankatuluka, nthawi zina ayi. Ndinaphunzira kukhala pakhonde la eni ake, kudikira mkazi wanga. Tsiku limene anabwerera anasankha yekha.

Amuna anzanga, ndinene mosabisa. Akazi amene anaoloka nyanja ija ali m'nyumba zathu, ali m'mabenchi momwe muno. Ena simunawafunsepo. Mkazi akakhala chete, musathamangire kunena kuti ndi wamakhalidwe. Ndipo nkhaniyi sindinangoitola, ndinapempha kwa mwini wake. Anati, "Kaneneni, koma munene zonse, ndi ndodo yomwe."

Lero madzi anabwerera, matemba akupezeka pang'ono. Kachasu ndinasiya. Ukali sunathe, ndinama ndikati unatha. Ukabwera ndimatuluka, ndimakayenda mpaka utazizira. Rozina padoko safikapo, malikhweru ndi ambiri kumeneko, amalima mpunga wake. Boti langa likakocheza ndimatsika, ndimakwera ndekha kukatenga mabeseni. Anyamata amaseka, amati mkuluyu mano anatha, mpweya ukuthawa. Asiyeni aseke.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandigwetsa pamatope ndisanaphe munthu. Ndikafika pakhomo tsopano ndimati, "Odi, Rozina." Akafuna amayankha. Akapanda kufuna, ndimakhala pansi, ndimadikira.

Mutipempherere. Amen.