Mzati wa Gowelo la Yotamu

Zaka zija matipate atangolowa kumene, pamene munthu unkalowa mumsika wa pa Malomo popanda wokuimitsa pachipata kufunsa khadi la chipani, ndi pamene bambo anu anafika pakhomo pano, ndipo ndikunena zimenezi lero chifukwa ndamva kuti mwapangana zogwetsa kanyumba kakale kaja kuseri kwa nkhokwe kuti mumangepo ya njerwa. Gwetsani, sindikukanizani ayi, kanyumbako katopa ndipo ngakhale nkhuku zikukanyoza. Koma iwe Tadala, taika kaye foniyo m'thumba, ndipo iwe Chisomo sendera kuno kumthunzi, chifukwa si bwino kugwetsa chinthu usanamve kuti chinaima bwanji.

Mukudziwa kale kuti bambo anu sindinawabereke ine. Mundilole ndiwatchule dzina lero, chifukwa nthawi imeneyo anali Yotamu chabe, mnyamata wa miyendo yaitali, mawu atangoyamba kukula. Anali mwana wa mkulu wanga Akimu, amene anakwatira kufupi ndi Madisi, ndipo Akimuyo ndi mkazi wake anatsatizana kumanda ndi matenda aja tinkaopa kuwatchula dzina. Mwambo wathu mumaudziwa, mwana ndi wa kuchikazi, mwini wake ndi atsibweni ake, kotero maliro atatha ine ndinakwera njinga yanga kubwerera kuno, ndikudziwa kuti Yotamu ali m'manja mwa atsibweni ake, a Zakeyu.

Masiku amenewo ndinkakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pa Malomo. Ho, njinga zake zinali njinga, zolemera ngati ngolo, osati zanu zamasiku anozi zoti ukagunda kamwala mkombero wapindika. Tsiku lina m'chilimwe ndinapita ku Madisi kukagula masipoko ndi machubu, ndipo ndili pakhonde la sitolo ndinaona mnyamata akusenza thumba la chimanga la munthu wina, malaya ong'ambika kumsana konse, ndipo kayendedwe kake kanali ka Akimu kenikeni. Nditamuitana anatula thumba, nagwada, koma maso osandiyang'ana.

"Iwe Yotamu, ukugona kuti?"

"Pompano, bambo," anatero, akuloza pakhonde pamene ndinaimapo. "Atsibweni anapita ku esiteti ku Kasungu. Anati adzanditenga akakhazikika."

Mtima unandiwawa, ana inu, unandiwawa koopsa, ndipo sindinaganize kawiri. Ndinamanga masipoko kutsogolo, iye ndinamukweza pakaliyala, ndipo tinadutsa mapiri onsewa, pokwera tikukankha, potsika tikuuluka, mpaka tinafika kuno dzuwa litapendeka.

Tsono apa mumvetsetse. Anthu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambiwu umakoma pakamwa kufikira mwanayo atafuna pogona. Ine pano ndine mkamwini, ndinabwera kudzakwatira agogo anu Nabanda, ndipo dothi lonseli, kuyambira kumtsinje mpaka kuphiri, ndi la mbumba yawo. Woyang'anira mbumbayo anali mlamu wanga, a Lufeyo, mchimwene wawo wa agogo anu, munthu wamfupi, wa mawu ngati ng'oma, amene ankandiitana kuti "a njinga" ngakhale pamaso pa abusa. Yotamu anali wamkulu, sakanagona m'nyumba imodzi ndi ife, mwambo sulola, ndipo ana athu anali aakazi okhaokha, aang'onoang'ono. Mnyamata wotere amafunika gowelo lake, kanyumba ka mnyamata wosakwatira, koma mkamwini saimika ngakhale khola la nkhunda osapempha. Ndinapita kwa a Lufeyo, ndinavula chipewa, ndinakhala pansi bwinobwino, ndi kufotokoza.

Iwo anandimvera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Alamu, inu mwaona mwana, ine ndaona mtunda wautali. Lero gowelo, mawa munda, mkuja manda. Mwanayu ali ndi kwawo, ali ndi atsibweni ake. Adye, apume, mumubweze."

Musawaone ngati oipa a Lufeyo. Minda inali itayamba kale kuchepa, adzukulu akuchuluka, ndipo ntchito yawo inali kusunga dothi la alongo awo. Koma ine ndinabwerako chimanjamanja, ndipo Yotamu anayamba kugona kukhitchini, pakati pa nkhuni ndi nkhuku zofungatira, m'mawa kudzuka maso ali psuu ndi utsi. Sankadandaula, ndipo chimenecho ndi chimene chinkandipweteka kwambiri. Kamtolo kake ka zovala sankakamasula n'komwe, kankangokhala pakona kali chimangire, ngati munthu amene akudikira basi.

Agogo anu Nabanda simunawaone ali ndi mphamvu, munawapeza atakalamba akungokupatsani mbatata zootcha, koma mayi ameneyo anali moto wophimbika ndi phulusa. Sanakangane ndi mchimwene wawo, sanapite kukadandaula kwa aliyense. M'mawa wina, nthawi imene anthu amadutsa kupita kumadimba, anatenga khasu ndi chikwanje, anamanga chitenje m'chiuno, anapita kuseri kwa nkhokwe ndi kuyamba kukumba maenje a nsichi, mitengo ija timaimika pozungulira khoma. Inu lero mukuona amayi akuumba njerwa, akukwera padenga, simungadabwe, koma masiku amenewo ntchito ya mayi inali kumweta udzu, kumata ndi kuzira, ndipo mayi kukumba maenje a nyumba kunali kulengeza kudziko lonse kuti m'mudzi muno amuna anatha. Ine nditathamanga kuti ndiwalande khasu anandibweza ndi diso lokha.

"Inu khalani apo, aPhiri. Inu anakukanizani. Ine pa dothi la amayi anga andikanize ndani?"

Amayi opita kumadimba anaima, madengu ali pamutu, ena atagwira pakamwa, ndipo sipanatenge nthawi a Lufeyo anatulukira akupuma mwa wefuwefu, malaya osamanga mabatani.

"Nabanda, wapenga? Ukufuna anthu a tsidya lija azitiimba nyimbo?"

"Ndikumangira mwana pogona, achimwene. Mukandithandiza ndithokoza, mukapanda kutero mawa ndikwera phiri kukadula mzati."

A Lufeyo anayang'ana amayi aja, anayang'ana ine ngati ndine ndawatuma, kenaka analanda khasu mwaukali ndi kuyamba kukumba okha, akung'ung'udza kuti maenjewo ngokhota, nyumba yake ingagwere mwana wa eni. Mawa lake m'mamawa anakwera phiri ndi nkhwangwa, ndipo masana tinawaona akutsika atasenza mtengo wa muwanga paphewa, thukuta lili kamukamu. Anauponya pansi, nati, "Ngati tikumanga, timange zoti chiswe chilephere." Mzati umenewo anauimika ndi manja awo, Yotamu akuthira dothi ndi kutsendera.

Kumanga kwa masiku amenewo kunali kokoma, ana inu, ndipo ndikakumbukira ndimamva fungo la luzi lauwisi. Panalibe kontalakita, panalibe simenti, unkangophika thobwa ndipo anthu ankabwera okha. Denga tinalukira pansi, ndipo polikweza anabwera amuna a mudzi wonse, paja mutu umodzi susenza denga, wina akuyambitsa nyimbo, ena akuvomera, mpaka linakhala pamalo pake. Amayi anamata, agogo anu anazira pansi ndi dothi lakuda la kudambo. Chitseko anapanga yekha Yotamu ndi matabwa a bokosi limene munkabwera zitsulo za njinga, ndipo tsiku limene anachikoloweka anakhala akutsegula ndi kutseka, kutsegula ndi kutseka, mpaka agogo anu anamukalipira kuti achithyola. Tsiku lomwelo kamtolo kaja kanamasulidwa.

Inalinso nthawi imene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ndipo ana anakhamukira kusukulu ngati ngumbi, ena kuphunzirira pansi pa mitengo. Yotamu anabwerera m'kalasi, chimnyamata chachitali pakati pa tiana tofika m'chiuno mwake, ndipo ankamuseka kuti ndi aphunzitsi obwereza, koma iye osalabada. Akaweruka ankabwera pa mango paja kudzandigwirira pampu. Ndimo tinakhalira, mvula inagwa, tinakolola, ndipo ine ndinayamba kuiwala kuti mwanayu ali ndi mwini wake.

Chilimwe chotsatira, nthawi imene malole a kuesiteti amayendayenda kutenga matenanti, a Zakeyu anatulukira. Tinawalandira bwino, tinawaphera nkhuku, ndipo atasamba m'manja ananena chimene anadzera. Anali atapatsidwa munda waukulu wa fodya, manja anali ochepa, ndipo anabwera kudzatenga mphwawo. Nawonso umphawi ndi umene unkawakankha, sindiwanenera zoipa, koma ine ndinali nditaona ana obwerako kufodya, manja akuda ndi phula, chifuwa chosatha, sukulu itatsalira m'mbuyo. Ndinawapempha kuti mwana amalize kaye sukulu, koma iwo anaseka.

"Bambo, inu mwana uyu mukumudziwira pati? Ndi wa mlongo wanga. Lole ikubwera mwezi ukaoneka, mundikonzere."

Pamwambo analondola. Amene ananditsegula maso ndi mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo, amene anati ndipite kuboma ku Ntchisi, ku ofesi yoona za ana ovutika, ndikapemphe kuti khoti lindipatse mphamvu yolera mwanayo mwalamulo. Ine khoti ndinkaliopa ngati manda, chifukwa tinakula tikudziwa kuti kumeneko kumapita akuba, koma inali nthawi imene anthu tinayamba kuphunzira kuti pakamwa ndi pathu. Ndinapita, anandifunsa zambiri, anabwera kudzaona pakhomo pano, kenaka anatiitana tonse kukhoti pamodzi ndi a Zakeyu.

Tsiku lake tinanyamuka atatu, ine, agogo anu ndi Yotamu, ndipo tili pamsewu kudikira matola tinangoona a Lufeyo akubwera atavala jekete la kutchalitchi.

"Musaganize kuti ndikukuperekezani," anatero. "Ndikukagula khasu kuboma. A pa Malomo ngofewa."

Woweruza anali mayi wovala magalasi, wolankhula mofatsa. A Zakeyu ataimirira analankhula bwino kwambiri. Anati, "Bwana, munthu uyu ndi mkamwini. Kumene akukhalako alibe ngakhale dothi lodzaza chikhatho. Mawa akakangana ndi mkazi wake amupatsa mkeka wake azipita, nanga mwana wa mlongo wanga adzalowera kuti? Kwa ine n'kwawo, chibale ndi fupa."

Mayi aja anatembenukira kwa ine. "Bambo Phiri, n'zoona kuti malo amene mwanayu akukhala si anu?"

"N'zoona, bwana."

Ndinaona Yotamu atawerama, ndipo ndinadziwa kuti mwana wapita kufodya. Pamenepo kumbuyo kunamveka kukhosomola, benchi inalira, ndipo a Lufeyo anali ataimirira, chipewa chili m'manja.

"Pepani bwana, ine ndinadzera khasu, koma ndamva dothi langa likutchulidwa. Mwini mbumba kumeneko ndine. Alamu angawa n'zoona alibe kanthu, ali ndi njinga basi. Koma gowelo la mwanayu mzati wake ndinadula ndine, ndinasenza ndine, ndinaimika ndine, ndipo kwathu munthu suimika mzati pamalo pamene sunavomere. Alamuwa akadzatitopetsa tidzawathamangitsa okha, mwanayu adzatsala."

Anthu anaseka m'khoti monse, ngakhale mayi aja anavula magalasi kupukuta m'maso. Kenaka anafunsa Yotamu kuti iye mwini akufuna kukhala kuti, ndipo anayankha motsitsa, moti anamuuza kuti abwereze.

"Kumene kuli chitseko changa, bwana."

Basi, nkhani inathera pomwepo. Analemba kuti wolera Yotamu mwalamulo ndine mpaka atakula, ndipo anauza a Zakeyu kuti ubale wawo palibe waufafaniza, azibwera kudzamuona mphwawo. Ndipo ankabweradi, mpaka pa ukwati wa bambo anu anavina kuposa tonse. Titatuluka panja ndinagwira dzanja la a Lufeyo, misozi ili m'maso, koma iwo analichotsa msanga, nati, "A njinga, musandichedwetse, sitolo atseka." Tinakwera nawo matola omwewo pobwerera, ndipo khasu sindinalione.

Mukukumbukira zitatu zija ankaopa a Lufeyo? Munda umene mumalima kumtsinje anamulozera Yotamu ndi iwo omwe, atamaliza sukulu ndi kubweretsa mayi anu pakhomo pano. Ndipo pamene a Lufeyo ankadwala matenda awo omaliza, anaitana alongo awo onse ndi adzukulu, nati, "Yotamu tsiku lake likadzafika, wina asadzavutike kufuna galimoto ya ku Madisi. Adzagona pafupi ndi ine." Gowelo, munda, manda, zonse anapereka ndi manja awo.

Agogo anu anapita, a Lufeyo anapita, mtengo wa mango pa Malomo anaudula, ndipo ndatsala ine ndi kanyumbako. Pepala la kukhoti lilipo m'sutikesi, koma pepala silinamufunditse mwana, linangotsekera pakhomo kuti asatengedwe. Masiku ano nyumba zanu n'zazikulu, zipinda zambirimbiri, mipanda yaitali, koma ndimaona ana akugonabe m'makonde a sitolo. Sindikuti mutole dziko lonse, ana anga, simungathe. Ndikungoti mukadzapeza wina amene kayendedwe kake kakukumbutsani munthu, musadzangomupatsa chakudya ndi kumuuza kuti apume, mudzamupatse chitseko chake.

Tsono mawa gwetsani bwinobwino, udzuwo muotche, dothilo mumwaze m'munda. Koma mzatiwo muuzule mosamala, musaudule, mudzaupeza uli wolimba ngati dzulo. Muubweretse kuno muuimike pakhonde langa, ndiziutsamira ndikamaothera dzuwa.