Lipoti Limene Mwini Wake Saloledwa Kuliwerenga

Zigawenga zitaoloka malire n'kuba mfuti pakampu, akuluakulu a chitetezo anaitanitsa Adokotala, mphunzitsi wa pakoleji ya asilikali, kuti anene chifukwa choti dipatimenti yawo ya kafukufuku isatsekedwe, poti sinachenjeze aliyense. Chonsecho bambowa anachenjeza zaka zitatu zapitazo, m'lipoti la masamba mazana awiri, ndiye anathamangira kosungira mafayilo, komwe anapeza Sajeni, munthu woti lamulo likati khala, amakhala ngakhale pa linthumbu.

"A Sajeni, lipoti langa lija la madooko a m'malire. Msanga, msonkhano uyamba thu koloko."

"Lilipo bwana," anatero Sajeni akusisita kabati yachitsulo. "Lili bwinobwino."

"Ndiye ndipatseni."

"Aaa, ayi. Linadindidwa chidindo chofiira. Ndi lachinsinsi."

"Chinsinsi kwa ndani? Ndinalemba ndine!"

Sajeni anatsitsa magalasi.

"Mukutanthauza kuti zili m'katimo mukuzidziwa?"

"Tsamba lililonse!"

"Chilolezo chozidziwa muli nacho?"

"Chilolezo chanji? Ndinayenda miyezi isanu ndi itatu m'matope, malungo anandigwira kawiri!"

"Malungo si chilolezo, bwana. Inu ndinu munthu wamba. Fomu yake ndi yobiriwira, imatenga milungu isanu ndi umodzi."

Adokotala anamenya tebulo mpaka chidindo chinadumpha.

"Tamverani! Patsamba 47 ndinalemba kuti dooko la kumunsi kwa kampu lilibe mlonda, ndipo m'chilimwe madzi amalekeza m'mawondo..."

"Shhh!" Sajeni anatseka makutu ndi manja onse. "Musandiuze! Ine chilolezo changa n'chosunga, osati chomva."

"Mayo ine! Nanga akuluakulu ndikawaonetse chiyani?"

"Mukawauze kuti lipoti lilipo."

"Akandifunsa zimene likunena?"

"Mukanena, ndiye kuti mwaulula chinsinsi cha boma. Zaka khumi ndi zinayi kundende."

"Ndikakhala chete?"

"Akutsekerani dipatimenti. Koma mukagona kwanu."

Adokotala anakhala pampando osauzidwa, thukuta lili kamukamu. Anakumbuka aphunzitsi asanu amene ankadikira yankho mu ofesi, ndipo mtima unawawawa zedi.

"Chabwino. Tsegulani buku lanulo. Pa akuluakulu onsewa, ndani anabwera kudzaliwerenga?"

Sajeni ananyowetsa chala n'kuyamba kutembenuza masamba, pang'onopang'ono ngati akusankha mpunga.

"A Jenerale anati lachuluka masamba. A Kanelo anati adikira chidule."

"Chidulecho ndinalemba! Tsamba limodzi!"

"Nachonso chinadindidwa."

"Ndiye palibe? Zaka zitatu, palibe ndi mmodzi yemwe?"

"Iyayi, musadandaule. Mmodzi alipo. Mwezi wathawu."

Adokotala anaimirira, nkhope itawala.

"Mwaona! Ndani ameneyo? Akandichitire umboni!"

"Bambo wina wa suti, wochokera kutsidya kwa malire. Waulemu kwambiri. Fomu yobiriwira anali nayo, zidindo zonse zitatu, palibe polakwika. Anakhala pampando womwewo masiku awiri akukopera m'kope."

Adokotala anagwira m'mutu.

"Munamupatsa? Inuyo?"

"Anatsata ndondomeko, bwana. Ndipo pochoka anati ndikupatseni moni." Sajeni anatseka buku n'kumwetulira. "Ndiye kumsonkhanoko wina asakunamizeni kuti kafukufuku wanu sathandiza pa nkhani za masiku ano. Sabata yathayi wagwira ntchito ndithu."