Tambala wa Imparfait

Cassimo adatulukira kwa mlongo wake Nafissa ku Sanjala atavala jekete lobwereka, tambala ali m'khwapa. Ulendo unali wokafunsira mbeta kwa amalume ake a Genoveva, mtsikana wa ku Congo wogulitsa nsalu za makapulana pamsika, koma ankafuna kuti Nafissa, mphunzitsi wa Chifalansa, amuwerengere kaye uthenga umene mtsikanayo adamutumizira pafoni.

Nafissa adawerenga mosathamanga. "Je t'aimais."

"Basi! Aimer ndi kukonda, zimenezo ndikuzidziwa."

"Inde achimwene, koma iyi ndi imparfait. Akuti ndinkakukonda."

"Ndiye bwinotu. Adayamba kalekale."

Nafissa adafotokoza ngati ali m'kalasi kuti imparfait imanena zimene zinkachitika nthawi yaitali, koma m'mbuyo. Pa zonsezo Cassimo adangotolapo "nthawi yaitali", n'kukonza kolala. Kenaka adapempha chitsanzo.

"Munali ndi tsitsi."

Cassimo adatsitsira kofia pamphumi. "Za tsitsi zabwera bwanji apa?"

"Ndi imparfait basi. Akadafuna za m'tsogolo akadalemba aimerai. Apa mulibe r."

"Ukwati wanga ufere r imodzi? Ife kuno r ndi l timangosakaniza tsiku ndi tsiku, koma palibe amene adamusudzula."

Adamukakamiza kuti angoikamo yekha r yo, pachibale. Nafissa adakana kuti iye amakonza zolakwika zokha, ndipo Genoveva sadalakwitse paliponse. M'kalasi akadamupatsa mamakisi onse, vinte pa vinte.

Ali mkati molimbana foni idalira. Nafissa adawerenganso. "Je vais me marier samedi. Iyi ndiye futur proche, zochitika posachedwa. Akuti akwatiwa Loweruka."

Munthu wamkulu adavina pakhonde mpaka tambala kuyamba kukuwa. "Wamva, pulofesora? Loweruka lomweli!"

"Sindinamalize. Avec Ambrósio."

"Avec ndi nthawi yanji, yam'mbuyo?"

"Si nthawi. Ndi 'ndi'. Akwatiwa ndi Ambrósio, wa njinga ya mota uja."

"Amene ndinkamutuma kukapereka mphatso zanga?"

"Munkamutuma, inde. Mwaikhoza imeneyo."

Cassimo adakhala pansi, jekete lobwereka n'kulowa m'fumbi. Apa ndiye Nafissa adamva chisoni ndithu, moti adaganiza zonama. Adati mwina foni ya Genoveva imameza zilembo, bwanji apitebe akamve okha.

Cassimo adayang'ana tambala, tambala n'kumuyang'ananso.

"Tambala uyu anali wa amalume a Genoveva."

"Anali?"

"Imparfait, pulofesora. Tereka madzi."