Makina Olankhula ndi Sitolo ya Achemwali Anga

Olemekezeka wapampando wa bungwe lathu la amalonda. Olemekezeka mkulu wa kampani yomwe yatikonzera njira yatsopano yolandirira malipiro. Olemekezeka oimira banki, amene lero kokha ndi inu mukudikira kuti ife timalize. Mamembala a komiti yoyesa makina. Eni sitolo, ogulitsa pamabenchi, amayi ndi abambo, landirani moni wanga nonse.

Wapampando atandiimbira foni kuti ndidzakhale mlendo wolemekezeka, ndinawafunsa ngati ena onse akana. Anati ayi, kungoti ine ndekha ndi amene ndingabwere osafunsa za mafuta a galimoto. Ulemuwo ndaulandira momwe wabwereramo.

Ndaphunzitsa zamalonda kukoleji zaka zambiri, ndipo nditapuma ntchito komiti yanu inanditenga ngati mlangizi. Ndiye ndiloleni ndikuuzeni mmene makinawa anasankhidwira, chifukwa ndi nkhani yondinyaditsa.

Makampani angapo anabwera, aliyense ndi tayi wake ndi zithunzi zake zapakhoma, natiitanira kuhotela. Komiti inakana. Inati makina ogwira ntchito mumsika ayesedwe mumsika. Tinawapereka kwa bambo wogulitsa nyama, manja ali noninoni ndi mafuta, ndipo makina ena anakana kuzindikira chala chawo. Tinawalowetsa m'sitolo ya zitsulo kuseri kuja, kumene netiweki imafika itatopa. Tinazimitsa magetsi mwadala. Tinagula ketulo polipira ndi khadi la banki, n'kuibweza, kuti tione ngati kasitomala angabwezeredwe zake popanda kukalamba pamzere. Pomaliza panatsala kampani imodzi, iyi yakhala kutsogoloyi. Makina ake anali ndi kabokosi kolankhula: malipiro akalowa, kamanena mokweza kuti zalowa zakuti.

Kabokosi kameneka ndi kamene kanatsala pang'ono kutigawanitsa, ndipo apa ndiyenera kutchula achemwali anga.

Ambiri mumawadziwa, amagulitsa nsalu pakona. Ndi nsalu zimenezo zomwe zinandipititsa kukoleji, ndipo mpaka lero sandiitana dzina, amangoti, “Iwe wa mabuku.” Manja awo amadziwa nsalu yabwino asanaitambasule n'komwe, koma maso ayamba kuchita nkhungu. Chaka chatha munthu wina anasankha nsalu zokwanira ukwati wonse, n'kuwaonetsa uthenga pafoni kuti walipira. Iwo anangogwedeza mutu. Uthengawo unali wabodza. Ana awo anakhala pansi n'kugamula kuti chaka chino chikatha sitolo itsekedwe, amayi akapume. Achemwali anga anangopitiriza kupinda nsalu zawo, ndipo ine amene ndinakula nawo ndinachita mantha, chifukwa mayi ameneyu sakhala chete ngakhale m'tulo. Atamva za kabokosi kolankhula, nkhope inayamba kuwala.

Tsono tsiku loyesa kabokosiko tinakaika m'sitolo ya nsapato ya bambo amene tonse timawatchula kuti a Sinditsitsa. Kunabwera mayi wodziwa kunenerera. Anakangana nawo, anatuluka, anabwerera, mpaka a Sinditsitsa anatsitsa, motsitsanso mawu. Mayiyo atangolipira, kabokosi kanalengeza mtengo wonse, mawu omveka mpaka kwa osoka zovala. Pabenchi panali patakhala mlamu wawo wa a Sinditsitsa, atavala nsapato zamtundu womwewo, zogula pomwepo sabata yapitayo. Anayang'ana kumapazi, anayang'ana kabokosi, kenako anati, “Alamu, kodi zangazi munazisokera ndi ulusi wagolide?”

Mukuseka, koma kumsonkhano wa komiti kunalibe woseka. A Sinditsitsa anaimirira n'kunena kuti, “Makina amiseche ine ayi. Mtengo ndi nkhani ya anthu awiri.” Ambiri anavomereza, ndipo sanalakwe, pakuti tonse pano timadziwa kuti mtengo umayang'ana nkhope. Zinaoneka kuti kabokosi kathera pomwepo.

Achemwali anga si membala wa komiti, koma anali pakhomo. Analowa osaodira. Anati, “Inu mukuopa kuti kakuululani. Ine kakakhala chete, ndikupita kunyumba kukalera zidzukulu zomwe sizinandipemphe kuti ndizilere.”

Amayi ndi abambo, apa ndi pamene ndinanyadira komiti yanu. Kuvota pokweza manja kunali kosavuta, ndipo ochuluka akanapambana. Koma wapampando anati makina amene atsekera kunja wamalonda mmodzi sanamalize mayeso, ndipo amene achititsa manyazi ena onse sanamalizenso. Anaitana injiniya wa kampaniyi, mayi uyo wakhala kumapetoyo, n'kumuuza zonse ziwiri. Iye sanatsutse, sanalonjezenso zakumwamba. Anakhala m'sitolo ya nsalu masana onse akuonerera mmene malonda amayendera, n'kupita. Atabwerera, sitolo iliyonse inali ndi ufulu wosankha: kabokosi kalankhule mokweza, kapena kangoliza belu, kapena kanong'oneze mwini sitolo yekha kudzera m'kachipangizo kovala kukhutu.

Komiti sinakhulupirire pakamwa. Inakonza mayeso omaliza, ana a achemwali anga ali pomwepo. A Sinditsitsa anadzipereka okha kukhala wakuba. Anavala chipewa ndi magalasi akuda, anasintha mawu, anasankha nsalu yodula kwambiri, n'kuonetsa uthenga wabodza pafoni. Achemwali anga anaika dzanja pansaluyo, anapendeketsa mutu, anadikira. Kenako anati, “M'khutu mwanga muli zii, bambo. Siyani nsaluyo. Ndiponso a Sinditsitsa, ulendo wina mukafuna kuba muzisamba kaye, fungo la polishi wa nsapato likumveka.” A Sinditsitsa atalipira zenizeni, achemwali anga anamva m'khutu n'kumwetulira nsalu isanapindidwe. Mwana wawo woyamba, yemwe anatsogolera zotseka sitolo, anangofunsa injiniya kuti kachipangizoko kamatchajidwa bwanji.

Kwa a kampani ndikuti: mwapambana chifukwa munamvera, ndipo tsiku limene mudzasiye kumvera komiti iyi ikudziwa kumene kuli makampani ena. Kwa a banki: malipiro a wamalonda azifika pa nthawi imene munalonjeza, chifukwa katundu wa mawa amagulidwa ndi malonda a lero. Kwa inu amalonda anzanga, ngati mungandilole kudzitcha choncho: mwasankha ndi manja anu, m'masitolo anu, osasiya mnzanu kumbuyo, ndipo zimenezi ine sindinaziphunzitsepo m'kalasi iliyonse.

Ndikuona ena mukutembenuka kufunafuna achemwali anga. Musavutike, muholo muno mulibe. Ndinapita ndekha kukawaitana, ndinawauzanso kuti mpando wawo uli kutsogolo. Anati, “Iwe wa mabuku, ndalimbana ndi ana anga kuti sitolo isatsekedwe, ndiye ndiitseke lero kuti ndikamve iweyo ukulankhula?”

Choncho, pamene iwo akugulitsa, ine ndi mtima wonyada ndikulengeza kuti njira yatsopano yolandirira malipiro ya bungwe lathu yatsegulidwa, ndipo iyambe kugwira ntchito kuyambira tsopano lino.

Zikomo kwambiri.